Kuchuna transistor ndi trimmer mu pedulo ya gitala yopanga nokha

Woimba gitala yamagetsi nthawi zambiri amakhala ndi kabokosi pansi, pafupi ndi phazi lake. Akakaponda, mawu a gitala amasintha. Amakhala okhuthala, aukali pang'ono, ndipo amatenga nthawi kuti azilale. Kabokosi kameneka amakatcha pedulo, chifukwa amachita kukaponda ngati pedulo ya njinga.

Pedulo yogula m'sitolo ndi yodula. Koma zipangizo za m'kati mwake ndi zochepa, moti munthu wodziwa kuwotcherera mawaya angathe kupanga yake. Vuto limabwera pomaliza. Mwalumikiza zonse bwinobwino, mwaika batire, koma mawu akutuluka odukaduka kapena otsika kwambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti transistor yafa, n'kuitaya. Kawirikawiri imakhala ili moyo. Imangofunika kuichuna. Nkhani ino ikuuzani mmene mungachitire zimenezi ndi kachipangizo kotchedwa trimmer.

Pedulo ya overdrive n'chiyani?

Gitala yamagetsi imatulutsa timagetsi tochepa kwambiri. Timagetsi timeneti timakwera ndi kutsika motsatira kunjenjemera kwa nsambo. Amplifier imatikulitsa kuti sipika ilankhule. Kale oimba anaona kuti akakweza amplifier mpaka mapeto, mawu ankasweka pang'ono. Ena anakonda kuswekako. Pedulo ya overdrive imabweretsa kusweka kumeneku popanda kugonthetsa anthu m'kutu.

Pali mitundu itatu yapachibale. Overdrive imaswa mawu pang'ono. Distortion imaswa kwambiri. Fuzz imaswa kotheratu, mawu n'kumamveka ngati njuchi zili mumphika.

Pedulo ya fuzz yoyamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri inali Maestro FZ-1 ya kampani ya Gibson ku America, mu 1962. Inatchuka mu 1965, Keith Richards wa gulu la Rolling Stones atagwiritsa ntchito pedulo imeneyi m'nyimbo yotchedwa Satisfaction. Mu 1966, kampani ya Arbiter ku London inatulutsa Fuzz Face, yomwe Jimi Hendrix ankaimbira. Ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970, magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankaimba ndi magitala a mawu a fuzz. Nyimbo zawo amazitcha Zamrock.

Kenako ku Japan kunabwera Boss OD-1 mu 1977 ndi Ibanez Tube Screamer TS808 mu 1979. Ziwirizi zimaswa mawu pogwiritsa ntchito chip ndi ma diode, choncho sizifuna kuchuna kumene tikukamba pano. Nkhani yathu ndi ya mapedulo amene mawu amadutsa mu transistor imodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo kusweka kumachitikira momwemo.

Transistor ndi ntchito yake

Transistor ndi kachipangizo kakang'ono ka miyendo itatu. Inapangidwa koyamba mu 1947 ku Bell Labs, m'dziko la America, ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley. Mungaipeze mu wailesi, mu wailesi ya kanema ndi mu amplifier.

Miyendo yake ili ndi mayina. Pali base, collector ndi emitter. Pa pulani amalemba B, C ndi E.

Taganizirani mpopi wa madzi. Mukapotoza pang'ono chabe ndi zala, madzi ambiri amatuluka. Transistor imachitanso chimodzimodzi. Timagetsi tochepa tolowa pa base timalamulira magetsi ambiri odutsa pakati pa collector ndi emitter. Umu ndi mmene imakulitsira mawu.

Ma transistor akale ankapangidwa ndi germanium. Zitsanzo ndi NKT275, AC128 ndi OC44. Amakono ambiri ndi a silicon, monga BC108 ndi 2N3904. Ya silicon imayamba kutseguka pakakhala pafupifupi 0.6 V pakati pa base ndi emitter. Ya germanium imatseguka msanga, cha m'ma 0.2 V.

Palinso magulu awiri, NPN ndi PNP. Kusiyana kwake ndi mbali imene batire limayang'ana. Muona kufunika kwake tikafika poyeza.

Bias n'chiyani?

Bias ndi malo amene transistor imapumira gitala isanalire. Timawadziwa poyeza ma volt pa collector.

Taonani katungwe wa ana. Akakhala pakati pa bwalo, mwana amapita kutsogolo ndi kumbuyo momasuka. Koma mukamumangirira pafupi ndi khoma, mwanayo amapita mbali imodzi yokha. Mbali inayo amagunda khoma.

Mu pedulo muli makoma awiri. Khoma la pansi ndi 0 V. Khoma la pamwamba ndi 9 V, mphamvu ya batire. Mawu a gitala amakankha collector kukwera ndi kutsika pakati pa makoma amenewa. Collector ikapumira pakati, cha pa 4.5 V, imakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Mukamenya nsambo pang'ono, mawu amatuluka oyera. Mukamenya mwamphamvu, amakhudza makoma n'kusweka bwino. Ameneyu ndiye overdrive amene mukufuna.

Nanga collector ikapumira pa 1 V kapena pa 8.5 V? Apo ndiye kuti katungwe ali pakhoma. Mbali imodzi ya mawu imadulidwa. Mukamenya nsambo pamamveka phokoso, kenako zii mwadzidzidzi. Mawu a pansipansi satuluka n'komwe.

N'chifukwa chiyani pamafunika trimmer?

Ana a mimba imodzi sakhala ofanana. Ma transistor nawonso, ngakhale akhale ndi nambala imodzi komanso achokere m'paketi imodzi, amasiyana mphamvu.

Mphamvu yokulitsa ya transistor amaitcha hFE. Pepala la fakitale limanena kuti hFE ya 2N3904 ikhoza kukhala pakati pa 100 ndi 300. Ya BC108 ikhoza kukhala pakati pa 110 ndi 800. Mwaona kukula kwa mpatawo? Ma transistor a germanium ali ndi vuto linanso. Amadontha, kutanthauza kuti timagetsi timadutsabe ngakhale base isanalandire kanthu. Ina imadontha pang'ono, ina kwambiri.

Amene anajambula pulani anasankha ma resistor molingana ndi transistor imene anali nayo m'manja. Yanu ndi ina. N'chifukwa chake mungatsatire pulani yonse osalakwitsa, koma bias n'kukhala pena. Njira imodzi ndi kumachotsa resistor n'kuika ina mpaka mutapeza yoyenera. Zimenezi zimatopetsa, ndipo kuwotcha kawirikawiri kumawononga bolodi. Njira yachidule ndi kuika trimmer.

Kuidziwa trimmer

Resistor ndi kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi. Kukula kwake amayeza mu ma ohm. Chilembo k chimaimira 1,000. Choncho 10k ndi ma ohm 10,000. Mukaona 8k2, ndi chimodzimodzi ndi 8.2k.

Trimmer ndi resistor imene mungasinthe kukula kwake. Ili ngati chokwezera mawu cha pa wailesi, koma ndi yaing'ono ndipo imakhala m'kati, pa bolodi. Pamwamba pake pali kamzere kolowetsapo sikuludiraiva yaing'ono.

Ili ndi miyendo itatu. Iwiri ya m'mbali ndi nsonga ziwiri za resistor. Wachitatu, womwe nthawi zambiri umakhala pakati, ndi wa kachitsulo koyenda mukamapotoza. Pa ntchito yathuyi, lumikizani mwendo wa pakati ndi mwendo umodzi wa m'mbali. Mukatero mwatsala ndi nsonga ziwiri, ngati resistor wamba.

Pa trimmer amalembapo manambala atatu. Awiri oyamba muwerenge mmene alili. Wachitatu akukuuzani kuchuluka kwa ma zero owonjezera.

- 103 ndi 10 ndi ma zero atatu, kutanthauza 10,000, kapena 10k.
- 203 ndi 20k.
- 503 ndi 50k.
- 104 ndi 10 ndi ma zero anayi, kutanthauza 100k.

Pali mitundu iwiri. Ina siikwanitsa n'komwe kuzungulira kamodzi. Imeneyi ndi yotchipa, koma mukangosuntha pang'ono nambala imadumpha kwambiri. Ina imazungulira maulendo ambiri. Mwachitsanzo, 3296 ya kampani ya Bourns imazungulira ka 25. Imeneyi ndi yosavuta kuchuna chifukwa nambala imayenda pang'onopang'ono.

Langizo lofunika ndi ili: musaike trimmer yokha. Ikani resistor wamba pamzere umodzi nayo. Mukapotoza trimmer mpaka pa zero mwangozi, resistor ija imatsalabe n'kuteteza transistor.

Zida zofunika

- Mita yoyezera magetsi, yomwe amaitcha multimeter.
- Sikuludiraiva yaing'ono, makamaka ya pulasitiki.
- Batire latsopano la 9 V.
- Kawaya kokhala ndi zopanira kunsonga.
- Waya wa gitala, gitala ndi amplifier.
- Pulani ya pedulo yanu.
- Kope ndi cholembera.

Pa mita nambala imaoneka ndi kadontho, monga 4.5. M'mabuku a Chipwitikizi amalemba 4,5. Zonse zikutanthauza zinayi ndi theka.

Chitsanzo: pulani ya Fuzz Face

Titenge Fuzz Face, chifukwa ndi pulani imene oyamba kumene ambiri amayambira. Mukachepetsa mawu pa gitala, imalira ngati overdrive wofatsa. Ili ndi ma transistor awiri, Q1 ndi Q2. Ili ndi ma resistor anayi, ma capacitor atatu ndi zopotoza ziwiri.

Pa collector ya Q1 pali resistor ya 33k. Collector ya Q1 yomweyo imalumikizana mwachindunji ndi base ya Q2. Pa collector ya Q2 pali 8.2k, ndipo pamwamba pake pali 470 ohm. Mitundu ya silicon imakhala ndi 330 ohm pamalo amenewa. Pa emitter ya Q2 pali chopotoza cha 1k, chomwe chimawonjezera kapena kuchepetsa fuzz. Resistor ya 100k imachokera pa emitter ya Q2 kubwerera ku base ya Q1.

Resistor imene timachotsa ndi ya 8.2k. M'malo mwake ikani trimmer ya 10k pamzere umodzi ndi resistor ya 2.2k. Mukatero mungayende kuchokera pa 2.2k kufika pa 12.2k, ndipo 8.2k ili m'kati mwa mpatawu.

Zimayenda chonchi. Magetsi odutsa mu Q2 ndi ochepa, pafupifupi theka la milliamp imodzi. Akamadutsa mu resistor, ma volt ena amatsalira momwemo. Resistor ikakula, imadya ma volt ambiri, ndipo collector imatsala ndi ochepa. Resistor ikachepa, imadya ochepa, ndipo nambala ya pa collector imakwera. Sungani zimenezi pamtima. Trimmer ikakula, ma volt amatsika. Trimmer ikachepa, ma volt amakwera.

Opanga ambiri amasankha Q1 ya hFE cha m'ma 70 mpaka 85, ndi Q2 ya 100 mpaka 130, akamagwiritsa ntchito germanium. Mita zina zili ndi timabowo toyezera hFE. Pa silicon timanena zoona. Pa germanium nambala imaoneka yokwera kuposa mmene ilili chifukwa cha kudontha kuja.

Njira yochunira

1. Musanaike batire, ikani mita pa malo oyezera ma ohm. Yezani trimmer ndi resistor yake pamodzi. Potozani mpaka mita ionetse 8.2k. Ndi bwino kuchita zimenezi musanaziwotcherere pa bolodi.

2. Onetsetsani kuti miyendo ya transistor ili m'malo ake. Ma transistor sasanja miyendo mofanana. Funani chithunzi cha nambala yanu yeniyeniyo.

3. Sinthani mita, muiike pa ma volt a DC, pa 20. Yezani batire. Latsopano limaonetsa kupitirira 9 pang'ono, monga 9.4. Lembani nambalayo m'kope.

4. Ikani batire, ndipo lowetsani waya wa gitala pa bowo lolowera mawu. Mapedulo ambiri sayaka ngati wayayu sanalowe, chifukwa bowolo ndi switch yomwe. Tsitsani mawu pa gitala mpaka zero kuti pasalowe phokoso.

5. Panani waya wakuda wa mita pa ground. Ground ndi mzere umene mawaya onse amabwererako. Mungaupeze pa chitsulo cha kunja cha bowo la waya wa gitala.

6. Khudzani collector ya Q2 ndi nsonga ya waya wofiira. Dzanja likhale lokhazikika. Nsongayo isakhudze miyendo iwiri nthawi imodzi.

7. Werengani nambala. Potozani trimmer pang'ono, imani, werenganinso. Ngati nambala ikuthawa 4.5, bwererani mbali inayo.

8. Mukafika pa 4.5 V, kapena theka la nambala ya batire lanu, siyani. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, muyezenso.

9. Yezani miyendo yonse isanu ndi umodzi, n'kulemba m'kope.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amapotoza mothamanga amadutsa malo abwino osawaona.

Nambala zanu zikhale pafupi ndi izi. Pa germanium: Q1 emitter 0, base pafupifupi 0.2, collector 0.5 mpaka 0.7. Q2 base yofanana ndi collector ya Q1, emitter cha m'ma 0.4, collector 4.5. Pa silicon: Q1 emitter 0, base 0.6, collector 1.2 mpaka 1.4. Q2 base yofanana ndi collector ya Q1, emitter 0.6 mpaka 0.7, collector 4.5.

Fuzz Face yakale ili ndi ma transistor a PNP. Mu pulani imeneyi, mbali ya + ya batire ndi imene imapita ku ground. Choncho mita ionetsa kamzere kutsogolo kwa nambala, monga -4.5. Musadabwe. Mita siinawonongeke. Ndi ma transistor a NPN, mbali ya - ndi imene imapita ku ground, ndipo kamzereko sikaoneka.

Mita iyambe, khutu limalize

Nambala ya 4.5 ndi poyambira chabe. Tsopano lumikizani amplifier, mawu akhale otsika. Menyani nsambo imodzi n'kuisiya ilire mpaka ithe yokha. Mvetserani kumapeto kwake. Ngati mawu akuzilala pang'onopang'ono, bias ili bwino. Ngati akuthetheka ngati mafuta pamoto kenako n'kuduka, ili pafupi ndi khoma.

Yesani kukweza kufika pa 5 kapena 5.5 V. Nthawi zambiri mawu amakwera ndipo amamveka omasuka. Yesani kutsitsa kufika pa 3.5 V. Amakhala opanikizika ndi aukali. Kenako chepetsani mawu pa gitala, mumve ngati akuyera. Pamene pakusangalatsani, yezani n'kulemba nambalayo.

Dziwaninso kuti si pulani iliyonse imafuna theka. Dallas Rangemaster, ya ku London ya m'zaka za m'ma 1960, ili ndi transistor imodzi yokha. Brian May, Rory Gallagher ndi Tony Iommi ankaimbira imeneyi. Collector yake amaichuna cha m'ma 7 V. Anthu amakonda kusweka kwa mbali imodzi kumene kumabwera pamenepo. Choncho ngati pulani yanu yalemba nambala, yambirani pa nambala imeneyo.

Mapedulo a JFET

Mapedulo ambiri a overdrive opanga pakhomo amagwiritsa ntchito mtundu wina wa transistor wotchedwa JFET. Amaukonda chifukwa umaswa mawu mofatsa, mofananako ndi amplifier zakale za ma valve. Odziwika ndi J201 ndi 2N5457.

Miyendo ya JFET ili ndi mayina ena: gate, drain ndi source. Pa pulani amalemba G, D ndi S. Gate ili ngati base. Drain ili ngati collector. Source ili ngati emitter.

Ma JFET amasiyana kwambiri kuposa ma transistor ena. Pepala la fakitale limasonyeza kuti J201 imodzi ingadutsitse 0.2 milliamp, ina 1 milliamp. Ya 2N5457 ingadutsitse kuyambira 1 mpaka 5. Ina ikhoza kuposa inzake kasanu. N'chifukwa chake pulani zotere zimakhala ndi trimmer pa drain ya JFET iliyonse, nthawi zambiri ya pakati pa 10k ndi 100k.

Kachunidwe kake n'kofanana. Waya wakuda pa ground, wofiira pa drain. Potozani mpaka mufike pa 4.5 V kapena pa nambala ya pa pulani. Ngati pali ma JFET atatu, yambani ndi yoyandikira kolowera mawu. Mukamaliza onse, bwererani muyezenso woyamba. Mukasintha JFET imodzi, muyenera kuchunanso trimmer yake.

Kutentha kumasuntha bias

Germanium imamva kutentha kwambiri. Kudontha kwake kumawirikiza kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10. Mungadzionere nokha. Mita ili pa collector ya Q2, gwirani Q1 ndi zala ziwiri. Nambala iyamba kuyenda. Mukasiya, ibwerera pang'onopang'ono.

Zimenezi n'zofunika kwa inu ngati mumakhala kotentha. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumapiri a ku Angónia, m'mawa wa mu Juni kumazizira ndithu. Pedulo ya germanium yochunidwa kozizira ikhoza kuyamba kudula mawu ikafika kotentha. Pa ukwati kapena m'tchalitchi, anthu ali tcheru, si nthawi yotsegula bokosi n'kumafufuza sikuludiraiva.

Chitani izi. Mukamaliza kuwotcherera, dikirani bolodi izizire musanayeze. Musagwire transistor pochuna. Chunani pa kutentha kofanana ndi kwa kumene mumaimbira. Musasiye pedulo padzuwa kapena pamwamba pa amplifier yotentha. Ena amachotsa trimmer n'kuika chopotoza cha 10k kunja kwa bokosi, kuti azichuna ndi dzanja nthawi iliyonse. Njira ina ndi kusankha silicon, yomwe siisuntha kwambiri ndi kutentha, ndiponso ndi yosavuta kupeza m'mawailesi akale.

Batire nalonso limasintha zinthu. Likamatha, ma volt onse amatsika. Pedulo ikasintha mawu, yambani mwayeza batire musanakhudze trimmer.

Zikavuta, yang'anani apa

*Miyendo yonse ikuonetsa 0.* Magetsi sakufika. Onani batire, mawaya ake, ndi waya wa gitala ngati walowa.

*Collector ili pa 9 V ndipo siisuntha mukapotoza.* Mu transistor simukudutsa magetsi. Mwina mwendo wina sunagwire, kapena miyendo yasinthana, kapena mwaika PNP pamalo a NPN. Yezani base. Pa silicon, base ya Q1 ikhale pafupi ndi 0.6 V.

*Collector ili pansi kwambiri ndipo siikwera.* Mwina trimmer ndi yaikulu kwambiri, kapena mtovu wowotcherera walumikiza mizere iwiri pa bolodi. Yang'anani pansi pa bolodi powala bwino.

*Nambala ikuyenda koma siifika pa 4.5.* Mpata wa trimmer wachepa. Ngati nambala yakanirira pamwamba, ikani trimmer yokulirapo, monga 20k. Ngati yakanirira pansi, chepetsani resistor imene ili pamzere umodzi ndi trimmer. Zikakanikabe, yesani transistor ina.

*Nambala ikudumphadumpha.* Trimmer yalowa fumbi, yatha, kapena sinawotchereredwe bwino.

*Nambala zili bwino koma mawu kulibe.* Vuto si bias. Onani mabowo a mawaya, switch yopondapo, ndi ma capacitor ngati ayang'ana koyenera.

Ngati mungathe, ikani timasoketi pa bolodi m'malo mowotcherera transistor. Mukatero mungayese zingapo popanda kuzitentha.

Mukamaliza

Donthezani kadontho ka utoto wa m'zikhadabo m'mphepete mwa trimmer kuti isasunthe poyenda. Ena amachotsa batire, kuchotsa trimmer, kuiyeza, n'kuika resistor wamba yoyandikira nambala imeneyo. Lembani ma volt anu pa kapepala, pamodzi ndi tsiku, n'kukamata m'kati mwa chivundikiro. Tsiku lina pedulo ikadzadwala, inu kapena wokonza mudzakhala ndi poyambira.

Dzitetezeni

Batire la 9 V silingakuvulazeni. Koma magetsi a m'nyumba, a 220 V, amapha. Musatsegule amplifier kapena adaputala. Amplifier ya ma valve imasunga ma volt mazanamazana ngakhale mutaizimitsa.

Pochuna gwiritsani ntchito batire. Ma adaputala ambiri a mapedulo ali ndi - pakati ndi + kunja, ndipo mukasinthanitsa mungawononge zipangizo. Pedulo ya PNP musaiike pa adaputala imodzi ndi mapedulo ena, chifukwa ground yake ndi ya +.

Chotsani batire musanawotcherere chilichonse. Wotchererani pamalo podutsa mphepo, musapume utsiwo. Mtovu ndi poizoni, choncho sambani m'manja musanadye. Chitsulo chowotcherera chikhale kutali ndi ana.

Mawu ofunika kukumbukira

- Bias: malo amene transistor imapumira mawu asanalowe.
- Trimmer: resistor yaing'ono yosintha ndi sikuludiraiva.
- Collector ndi drain: miyendo imene timayezapo bias.
- Ground: pamene timaika waya wakuda wa mita.
- hFE: mphamvu yokulitsa ya transistor.

Mafunso

1. Pa trimmer palembedwa 503. Ndi ma ohm angati?
2. Batire lanu likuonetsa 9.4 V. Theka lake ndi zingati?
3. Collector ya Q2 ili pa 3 V ndipo mukufuna 4.5 V. Kodi trimmer muikulitse kapena muichepetse?
4. N'chifukwa chiyani simuyenera kugwira transistor ya germanium pochuna?
5. Mita ikuonetsa -4.5. Kodi pedulo yanu ili ndi ma transistor a mtundu wanji?